Zimene namondwe wagwetsa: tikataye kumtaya kapena timangirenso?

Mvula ya namondwe wa Freddy itakata pakati pa mwezi wa Malichi 2023, dziko linayamba kuwerenga. Anthu oposa 670 anatsimikizika kuti afa, oposa 500 sanapezeke, oposa 650,000 anathawira m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti nyumba zoposa 260,000 zinagwa kapena kuwonongeka. Chimene sitinakambirane mokwanira n'chakuti nyumba ikagwa imakhalabe pomwepo. Ku Chilobwe ndi ku Manja, m'munsi mwa phiri la Soche, kunali milu ya njerwa zosakanikirana ndi matope, malata okulungika pa mitengo, matiresi onyowa, mapepala apulasitiki, zitsulo za mabedi, ndi miyala ina yaikulu kuposa galimoto. Kwa Ntauchira m'boma la Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje kunali chimodzimodzi, pomwe ku Nsanje ndi ku Chikwawa mchenga unakwirira minda. Zonsezi zimafuna manja, ndalama ndi malo, ndipo pa funso la chochita nazo anthu anzeru ndi achifundo amagawanika pawiri. Ena amati zichotsedwe msanga, zipite kumtaya kuti moyo uyambirenso. Ena amati zisankhulidwe kaye, zogwirika ntchito zibwerere m'manja mwa eni ake. Ine ndili mbali yachiwiriyi, koma mbali yoyambayo ili ndi mfundo zimene munthu woona mtima sangazilumphe.

Amene amati changu ndiye chofunika amayamba ndi matenda. Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera umene unabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, woopsa kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Madzi osefukira anagumula zimbudzi n'kusakaniza zonyansa ndi matope amene analowa m'nyumba ndi m'zitsime. Mbuzi, nkhuku ndi nkhumba zakufa zinkawolera m'zithaphwi. Pa milu ya zogumuka pamabisala makoswe ndi njoka, m'zitini ndi m'matayala mumaswana udzudzu, ana osavala nsapato amaponda misomali ya dzimbiri. Msewu ukatsekeka ndi miyala ambulansi sidutsa, ufa ndi nyemba sizifika kumsasa. Ngalande ikadzaza mchenga, mvula yotsatira, ngakhale yochepa, imalowa m'nyumba zimene zinapulumuka. Palinso za mumtima. Mayi amene mwana wake anafera pamalopo, kumuuza kuti azidutsa pa mulu womwewo kwa miyezi ingapo podikira osankhula ndi kumupweteka kawiri. Onena izi sakunama, ndipo aliyense amene anaponda matope aja akhoza kuwavomereza.

Komatu tikazifufuza bwino mfundo zimenezi, tipeza kuti zikukhudza gawo lochepa chabe la zinthuzo. Zoyenera kuchoka tsiku lomwelo ndi zowola, zonyansa za m'zimbudzi, mankhwala, ndi chilichonse chimene chatseka msewu, mlatho kapena ngalande. Njerwa siwola. Mwala suyambitsa kolera. Kolera imayenda m'madzi akumwa ndi m'chakudya, ndipo amaigonjetsa ndi klorini, sopo, zimbudzi za kumsasa ndi katemera; dizilo wothira mu thirakita yokankha khoma lakugwa sachiza wodwala ngakhale mmodzi. Chinanso chimene ofuna changu amaiwala ndi kalendala yathu. Madzi osefukira a 2015 anabwera mu Januwale, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu Malichi 2023, Jude mu Malichi 2025. Alipo olawirira monga Chido wa mu Disembala 2024, koma anamondwe athu ambiri amafika dzinja likupita kumapeto. Pambuyo pake pamabwera miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri ya dzuwa, nyengo imene Amalawi amaumba njerwa ndi kumanga nyumba chaka ndi chaka. Nthawi yosankhula tili nayo. Chimene timasowa ndi dongosolo loti sabata ziwiri zoyambirira zigwire zoopsa zokhazokha, zinazo zidikire manja a anthu.

Manja amenewo sadikira n'komwe kuuzidwa. Nyumba zambiri za anthu wamba m'dziko muno n'za njerwa zootcha zomanga ndi dothi, kapena za zidina. Khoma lomanga ndi dothi likagwa, njerwa zambiri zimatuluka zathunthu. Mwini nyumba amatenga chikwanje chobuntha, amapala dothi mbali zonse, amagogoda njerwa ziwiri kuti amve ngati zikulira bwino, kenako amazisanja pambali. Zothyoka pakati, zimene amisiri amati mahafu, zimalowa m'khoma la khitchini kapena la bafa. Zophwanyikiratu zimadzaza pansi asanathire simenti, kapena zimakwirira maenje a mumsewu. Lata amaliyala pa thabwa n'kuliwongola ndi hamala, mabowo a misomali yakale n'kuwamata ndi phula; lomwe lang'ambikiratu limapita kwa okhoma mbaula ndi zidebe. Misomali amaiwongola pamwala umodziumodzi. Mapaso othyoka amasanduka nkhuni. Zidina zimasungunuka kubwerera ku dothi, ndipo dothilo akhoza kuliponda kachiwiri n'kulithira m'chikombole. Ndiye funso loti kodi zogumuka n'zotheka kuzigwiritsanso ntchito linayankhidwa kalekale ndi anthu osauka. Funso lotsala n'lakuti makina a boma akafika adzawathandiza anthuwo kapena adzapondaponda chuma chawo chomaliza. Thirakita ikangokankha mulu kamodzi, njerwa zimaphwanyika, malata amapindikira m'matope, mabatire amasweka n'kuthira asidi pa zonse, ndipo kusankhula pamenepo kuli ngati kutola mapira amene atayikira mumchenga.

Taganizirani mtengo wa zimene zimatayikazo. Boma linawerengera kuti Freddy anawononga zinthu za madola oposa 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kumafuna pafupifupi madola 680 miliyoni. Ndalama zimenezo sizinagwe kumwamba, ndipo mabanja ambiri anamanganso ndi za m'thumba mwawo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti, malata ndi misomali n'kukwera pa nthawi imene anthu amazifunitsitsa. Banja limene linapulumutsa malata khumi ndi njerwa zikwi ziwiri linali patsogolo kwambiri kuposa limene katundu wake anakankhidwira mumtsinje. Palinso nkhalango. Njerwa iliyonse yatsopano imafuna uvuni, uvuni umafuna zipika, ndipo zipikazo zimachokera m'mapiri omwewo amene kumetedwa kwake kunathandiza kuti matope atsike mwaukali chotero. N'chifukwa chake mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda. Kutaya njerwa zootcha kale n'kuwauza anthu zikwi mazana kuti aotche zina ndi kudula phiri la Soche, la Michesi ndi la Mulanje kachiwiri, kukonzera namondwe wotsatira njira.

Ndiponso onena kuti "zipite kumtaya" ayenera kutiuza kumtayako ndi kuti. Mzinda wonse wa Blantyre umadalira mtaya wa ku Mzedi, umene ngakhale masiku abwinobwino sulandira zinyalala zonse za mumzindawu chifukwa magalimoto a khonsolo ndi ochepa. M'maboma a kumidzi malo otayira okonzedwa bwino kulibiretu m'madera ambiri. Choncho pamene palibe malo osankhidwa, kuchotsa msanga kumatanthauza kukhuthula m'khwawa lapafupi. Za m'khwawa zimatsikira m'mitsinje n'kukathera mu Shire, kumene kuli makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pa nthawi ya Freddy kampani ya EGENCO inazimitsa makina chifukwa cha zinyalala ndi matope odzaza polowera madzi, ndipo dziko linali lisanachire bala la Kapichira, kumene namondwe wa Ana anagumula damu n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zimene tataya mothamanga m'makwawa zimabwerera kwa ife ngati mdima m'nyumba, ngati mlatho wotsekeka, ngati mtsinje wokwiririka umene chaka chamawa udzasefukira ndi mvula yochepa.

Maiko olemera anaphunzira zimenezi ndi misozi. Ku New Orleans m'dziko la America, namondwe wa Betsy atawomba mu 1965, akuluakulu anatsegulanso mtaya wakale wa Agriculture Street n'kukhuthuliramo zogumuka mothamanga. Patapita zaka, pamalopo panamangidwa nyumba za anthu akuda ndi sukulu ya pulaimale, ndipo mu 1994 boma linaika malowo pa mndandanda wa malo a poizoni woopsa kwambiri m'dzikolo. Katrina atawomba mu 2005 mzinda womwewo unabwerezanso: mu 2006 unatsegula mtaya wa Chef Menteur mwa lamulo ladzidzidzi, pafupi ndi dambo lotetezedwa ndi mudzi wa anthu ochokera ku Vietnam, mpaka anthuwo anachita zionetsero mtayawo n'kutsekedwa patangotha miyezi yochepa. Ku Turkey, chivomerezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chitasiya zogumuka zoposa matani 100 miliyoni, magalimoto ankakhuthula pafupi ndi nyanja ndi minda ya azitona m'chigawo cha Hatay, ndipo anthu a ku Samandağ anatseka misewu poopa fumbi la asibesitosi. Konseku cholinga chinali chabwino, chothandiza ovutika mwachangu, koma amene anasenza zotsatira zake ndi osauka okhala pafupi ndi kotayirako.

Chitsanzo chimene ochirikiza kusankhula amakonda ndi Japan. Chivomerezi ndi mafunde a pa 11 Malichi 2011 zinasiya zogumuka pafupifupi matani 20 miliyoni, kuwonjezera pa matope ndi mchenga wa m'nyanja woposa matani 10 miliyoni. Pofika Malichi 2014 zigawo za Iwate ndi Miyagi zinali zitamaliza ntchito, ndipo zogumuka zoposa 80 pa 100 zilizonse zinagwiritsidwanso ntchito, matope pafupifupi onse n'kulowa m'misewu ndi m'zipupa zotchinga nyanja. Wotsutsa anena msanga kuti Japan ndi Japan, ali ndi makina ndi ndalama zimene ife tilibe. N'zoona, koma taonani mzinda waung'ono wa Higashimatsushima. Mzindawu unavutika ndi zogumuka pa chivomerezi cha 2003, ndipo utaphunzirapo unagwirizana ndi makontirakitala a m'deralo tsoka lina lisanagwe. Mu 2011 magalimoto ankatula katundu wosiyanitsidwa kale m'mitundu 14, ndipo zosakanikirana zinkasankhulidwa ndi manja a anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo opulumuka pa tsokalo amene analibe ntchito. Pafupifupi zonse zinagwiritsidwanso ntchito, pa mtengo wotsika poyerekeza ndi mizinda yoyandikana nayo. Chinapambana pamenepo ndi kukonzekeratu ndi manja a anthu, ndipo manja ndi chinthu chimene Malawi sasowa.

Wotsutsa wochenjera atchula Haiti, ndipo ayenera kutero chifukwa dzikolo likufanana nafe kuposa Japan. Chivomerezi cha pa 12 Januwale 2010 chinasiya zogumuka zokwana makiyubiki mita pafupifupi 10 miliyoni, ndipo patatha zaka ziwiri pafupifupi theka linali likadali pansi, anthu zikwi mazana akugonabe m'matenti. Kodi uwu si umboni woti dziko losauka likazengereza limamira m'zogumuka zake? Ine ndikuona kuti chinachedwetsa Haiti si kusankhula. Mzinda wa Port-au-Prince unkadalira mtaya umodzi wa Truitier, tinjira ta m'mapiri tinali tosalowa magalimoto, eni nyumba ambiri anali atafa kapena osadziwika kotero panalibe wopereka chilolezo chogwetsa khoma, ndipo opereka thandizo ankakonda kulipira zinthu zooneka bwino pa chithunzi kusiyana ndi kunyamula zibuma. Pamene bungwe la UNDP ndi anzake analemba ntchito anthu a m'makwalala momwemo kuti aphwanye zogumuka n'kupanga timiyala toyala m'njira, masitepe ndi zipupa zotchinga dothi, ntchito inayenda, chifukwa katundu sankafunika kupita kutali. Tinjira ta ku Chilobwe, ku Ndirande ndi ku Bangwe n'topapatiza chimodzimodzi. Kumene lole siingafike wilibala imafika, ndipo chimene chagwiritsidwa ntchito pomwepo sichifuna dizilo.

Pa nkhani ya ndalama, njira ziwirizi zonse zimadya. Kusiyana kwake ndi kumene ndalamayo imathera. Yolipira makina imapita ku dizilo ndi zipangizo zogula kunja, m'dziko limene madalaivala amagona pamzere wa mafuta chifukwa chosowa ndalama zakunja. Yolipira anthu imagula ufa, sopo ndi yunifolomu pamsika wa m'dera lomwelo. Ndondomeko yolipira anthu pogwira ntchito zachitukuko tili nayo kuyambira nthawi ya MASAF m'ma 1990, ndipo makomiti a m'midzi amadziwa kulemba mayina ndi kuwerenga masiku. Munthu amene munda wake wakokoloka mwezi umodzi asanakolole amafuna ganyu kuposa china chilichonse, ndipo kukhala mumsasa tsiku lonse kudikira thumba la ufa kumadya ulemu wa munthu. Ndikudziwa kuti ntchito zoterezi zimakhala ndi matenda ake: mayina a anthu kulibe, malipiro ochedwa miyezi, achibale a mfumu kutsogola. Matendawa ndi enieni, koma amapezekanso pa makontirakiti a makina, ndipo kumeneko ndalama zosowa zimakhala zochuluka pomwe maso oona ndi ochepa.

Mfundo yolemera kuposa zonse ya mbali inayo sikhudza ndalama. Pansi pa matope a ku Soche, kwa Ntauchira ndi kwa Nkhulambe ku Phalombe pali anthu amene sanapezeke mpaka lero. Asilikali, apolisi ndi agalu awo, adzukulu ndi achibale anakumba ndi makasu ndi manja, koma matope ena anali akuya kuposa mphamvu za anthu. Malo oterowo ndi manda. Kuswa kwale pa mwala umene mwina wapsinja mwana wa munthu, kapena kumangira chimbudzi njerwa zochokera pamene banja lonse linathera, n'chinthu chimene mtima wa Mmalawi sungalole, ndipo pano sindikufuna kutsutsa. Kumene achibale ndi mafumu anena kuti pali anthu pansi, ntchito yosankhula iime, malowo atchingidwe ndipo padzalidwe mitengo. Anzathu a ku Sierra Leone anachita motero ku Regent, pafupi ndi mzinda wa Freetown, kumene phiri linagumuka mu Ogasiti 2017 n'kupha kapena kusowetsa anthu oposa 1,100: anakhazika bwino dothi la m'phirimo n'kudzalamo mitengo zikwizikwi. Koma onani kuti mfundo iyi ikutsutsa kwambiri makina kuposa manja. Akatswiri a zaumoyo a bungwe la WHO akhala akunena kuti mitembo ya anthu ofa pa ngozi zachilengedwe siyambitsa miliri, choncho palibe chifukwa chokankhira dothi mothamanga. Munthu wofukula ndi fosholo amaona nsalu, amaima, amaitana achibale. Woyendetsa chimakina ali pamwamba saona kanthu, ndipo wakufayo akhoza kukathera kumtaya pamodzi ndi zinyalala.

Nanga katunduyo ndi wa yani? Lata likauluka kapena kukokoloka mamita mazana atatu, wolitola amati ndi lake, mwini wake ali kuchipatala kapena kumaliro. Ogula zitsulo zakutha amafika ndi sikelo tsoka lisanazizire, ndipo kumene kuli msika wa zitsulo timadziwa zimene zimatsatira: mawaya a magetsi, mapaipi a madzi ndi zitsulo za milatho zimayamba kusowa. Ena amati kulimbikitsa kutola ndi kupatsa akuba chilolezo. Ine ndikuona kuti kuba kumakula pamene palibe dongosolo. Anthu a m'dera amadziwana. Amadziwa kuti chitseko chobiriwira chija ndi cha kwa a uje. Pakakhala bwalo limodzi lodziwika, kaundula wosungidwa ndi komiti ya m'dera pamaso pa mfumu, ndi nthawi yoti eni ake adzazindikire katundu wawo, zotsala n'kugawidwa kwa amasiye, okalamba ndi olumala amene sangathe kudzifukulira, mpata wa wakuba umachepa. Pasaiwalike anthu a lendi. Njerwa ndi malata ndi za mwini nyumba, koma bedi, mbale ndi njinga zili pansipo ndi za wobwereka nyumbayo, amene kawirikawiri dzina lake sililowa m'kaundula aliyense.

Pali chitsutso china chimene chimandivutitsa kwambiri, ndipo sindinganene kuti ndili ndi yankho lokwanira. Kupatsa munthu njerwa zake pamalo pomwe nyumba yake inagwera ndi kumuitana kuti amangenso pomwepo. Dziko lino linaona kale Napolo ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala yochokera m'phiri la Michesi zinapha anthu mazanamazana, komabe anthu anabwerera m'mphepete mwa mapiri ndi m'njira za madzi chifukwa malo ena analibe. Komanso njerwa imene yamira m'madzi ikhoza kukhala yofumbwa, thabwa likhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka, ndipo nyumba yomanga ndi zofooka idzagwanso. Za kufooka yankho lilipo: mmisiri wodziwa ntchito amasiyanitsa njerwa ya khoma ndi ya pansi, ndipo nyumba zambiri zimagwa chifukwa cha maziko osaya, kusowa kwa khonde lotchinga mvula ndi dothi lomangira, njerwazo zili bwinobwino. Za malo ndiye zovuta. Chimene ndinganene n'chakuti kutaya njerwa sikunaletsepo munthu kubwerera. Amangobwerera ali wosaukitsitsa, n'kumanga chisakasa chofooka kuposa nyumba yoyamba. Ngati boma likusamutsa anthu, monga linayesera m'madera ena Freddy atapita, magalimoto amene akananyamula zogumuka kupita kumtaya anyamule njerwa ndi malata a banjalo kupita ku malo atsopano. Banja lofika pamalo achilendo lili ndi zomangira limakhazikika msanga kusiyana ndi longopatsidwa tenti.

Osankhulawo ayenera kutetezedwa, apo ayi tidzakhala tikugula njerwa ndi thanzi la osauka. Magolovesi, majombo, zotchinga pakamwa ndi katemera wa kafumbata zisasowe, ndipo ana asaloledwe pabwalo la ntchito. Zina siziyenera kukhudzidwa ndi munthu wosaphunzitsidwa: mabatire a sola ndi a galimoto amene ali ndi mtovu, mabotolo a mankhwala ophera tizilombo, masingano a m'zipatala zokokoloka, ndi madenga akale a asibesitosi amene fumbi lake limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Ku Beira m'dziko la Mozambique, Idai ataphwasula madenga oterowo, panafunika kuphunzitsa anthu apadera owanyamula. Kuotcha milu, kumene ambiri timathamangira, n'koopsa: utsi wa pulasitiki ndi matiresi umawononga mapapo, ndipo mapolo othiridwa mankhwala oletsa chiswe amasiya phulusa la poizoni. Apa ndiye pofunika bungwe la MEPA, limene lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa. Zoopsazi n'zochepa, ndipo zimapezeka pokhapokha wina akuyang'ana chinthu chimodzichimodzi.

Sindikunena kuti chilichonse chingabwerere. Mchenga umene Shire ndi Ruo amayala m'minda ya kuchigwa ndi wochuluka moti palibe wilibala ingauthe; wina ungalowe m'mabuloko a simenti ndi m'zipupa zotchinga madzi, koma wambiri udzakhala pomwepo, ndipo mlimi adzafunika thandizo la mbewu zogwirizana ndi nthaka yosinthikayo. Miyala ya m'mapiri ndi yabwino pa maziko, pa kwale, ndi podzaza m'madengu a waya otchinjiriza magombe a mitsinje ndi miyendo ya milatho, koma mwala umene wakhazikika m'munsi mwa phiri nthawi zina ndi umene ukuchirikiza dothi lonse la kumtunda. Akatswiri a nthaka ndi miyala ayenera kuuona oswa miyala asanauyatsire moto. Matiresi ovunda, zovala zodzaza zonyansa ndi mapulasitiki ong'ambika zidzapitabe kumtaya. Kusankhula kumangochepetsa mulu wopita kumeneko kufika pa mlingo umene magalimoto ochepa a khonsolo angakwanitse.

Mtsutso wonsewu umakula chifukwa timauyamba mochedwa, mvula ikugwa, maliro ali pakhomo. Pa nthawi imeneyo bwanamkubwa sangakhale pansi kuganiza za mitundu ya zinyalala, ndipo wobwera ndi thirakita ndiye amaoneka mpulumutsi. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lakale la 1991, ndipo mtima wa lamulolo ndi kukonzekera tsoka lisanafike. Kukonzekerako kufike pa zogumuka. Nthambi ya DoDMA ikamakonza mapulani a dzinja pamodzi ndi makhonsolo, mulembedwe misewu ndi ngalande zoyamba kutsegulidwa, amene ali ndi udindo wonyamula zoopsa, malipiro a tsiku a osankhula, ndi kumene mafosholo, mawilibala ndi magolovesi akusungidwa. Chovuta kwambiri ndi malo. Mabwalo a sukulu ndi a tchalitchi sangathandize poti ndi omwe amasanduka misasa, ndipo malo apululu a m'tauni ambiri ali m'madambo momwe madzi amadutsa. Makhonsolo a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje ayenera kukambirana ndi mafumu, eni minda ikuluikulu ndi makampani okhala ndi malo okwera, mgwirizano n'kusainidwa pofika Okutobala, ndipo mayina a mabwalo osankhulirawo apachikidwe pa ofesi ya khansala aliyense pamodzi ndi mayina a malo othawirako.